Pepala Lakhumi

Nyampande, Petauke
16 Ogasiti 2023

Wokondedwa mwana wanga Vivian,

Ndikhulupilila uli bwino kumeneko ku yunivesite. Chifuwa chija chinatha? Kuno ndili bwino, bondo lokha ndilo limavuta kukazizila.

Masiku ano ndimakumbukila Lachiwili lija amai ako asanadwale. Titabwela kothilila tomato kudimba, iwo anakhala pakhonde n'kutulutsa mapepala khumi a mafunso amene unawasiyila kuti ayese kwa anansi, uone ngati mafunso ako akumveka usanayambe kafukufuku weniweni. Asanu ndi anayi anali atayenda nawo kale khomo ndi khomo. Lakhumi anati ndi lathu.

Pa funso lakuti mutu wa banja ndani, anaseka, nati alemba dzina langa kuti ndisachite manyazi ku Lusaka. Pa la nkhuku tinatsutsana. Ine ndinati zilipo khumi ndi ziwili, iwo anati ndikuwelengela limodzi ndi za anansi athu a Goodness zimene zimangobwela kudzadya gaga wathu. Analemba zisanu ndi zitatu. Atatha anaika mapepalawo m'sutikesi mwao, pansi pa zitenje, kuopa makoswe. M'mawa mwake mutu unawayamba. Zotsalazo ukuzidziwa.

Unandifunsa katatu pa foni za mapepala amenewa, ine n'kumati anatayika pa malilo. Ndinakunamiza, mwana wanga. Ndinkadziwa pamene ali, koma sutikesiyo inandikanika kutsegula miyezi isanu yonseyi. Amai ako aang'ono, a Rhoda, anabwela kawili kuchokela ku Ndake kuti tigawe zovala monga mwa mwambo, kawili konse ndinawabweza. Utandiuza Lamulungu kuti mapepalawa akapanda kufika mwezi uno ubweleza phunzilo limeneli chaka chamawa, ndinaona kuti chisoni changa chayamba kukulanda sukulu. Undikhululukile.

Dzulo ndinaitsegula sutikesi ija. Onse khumi alipo, akununkhila sopo wao uja.

Pa pepala lathu pali funso lakuti m'nyumba muno mumakhala anthu angati. Amai ako analemba 2. Ndinatenga bolopeni kuti ndikonze, n'kukhala nayo m'manja nthawi yaitali. Kenaka ndinakumbukila zimene unawaphunzitsa, kuti yankho la munthu silisinthidwa, limawelengedwa monga linalili tsiku limene linapelekedwa. Ndalisiya.

Pempho langa ndi limodzi. Ukamalowetsa manambala mu kompyuta, nyumba yathu uilembe 2. Aphunzitsi ako akafunsa, uwaonetse tsiku limene lili pamwamba. Tsiku limenelo tinalidi awili.

Ndinaitanitsa a Rhoda, afika lelo m'mawa. Sanandidzudzule, anangoti nthawi yake ndi yomweyi. Madelesi apita kwa abale ku Ndake, yunifomu ya kwaya tapeleka ku mpingo, nsapato atenga a Goodness. Ine ndasunga chipewa chao cha kudimba, chili pa msomali wake. Mapepala ako ndawakulunga m'chitenje chobiliwila chija ankachikonda, pamodzi ndi bolopeni yao. A Tamandani a minibasi akupatsa Lachisanu. Mapepalawo upeleke, chitenjecho ndi chako.

Mulungu akusunge, akupatse mutu wabwino pa mayeso. Upeleke moni kwa amalume ako ku Kalingalinga, ndi mnzako wa m'chipinda uja anabwela ku malilo.

Ndine atate ako,
Josphat Daka