Dzanja la Mahala

Natchez, Mississippi
3 Novembala

Wokondedwa msuweni Cleotha,

Ndikhulupirira muli bwino ku Texas kumeneko. Kuno mitengo yanga ya mtedza wa pekani yabereka iwiri yokha mwa isanu. Sitinaonanepo, koma ndikukutchulani msuweni pa chifukwa ichi.

Agogo awo a agogo anga, a Tempie, anabereka ana asanu ndi awiri mu ukapolo. Manda a asanu ndi mmodzi ndawapeza. Wotsalayo, Mahala, anagulitsidwa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ukapolo utatha, a Tempie ankalembetsa uthenga womufunafuna m'nyuzipepala ya mpingo, abusa n'kumawerenga paguwa. Ndapeza mauthenga khumi ndi atatu, onse otha chimodzimodzi: "Ali ndi chipsera cha moto kudzanja lamanzere. Muuzeni kuti mayi ake akadali moyo."

Munalemba kuti pakati pa makolo anu panalinso Mahala, ndipo pachithunzi chake dzanja limodzi analibisa m'nsalu. Ndi dzanja liti?

Mwana wanga akuti, "Amayi, akufa sathawa, dikirani Khirisimasi." Adokotala anena zina, koma tizisiye. Chonde bwerani nacho chithunzicho msanga, tikafike nacho pomwe anagona a Tempie. Kuchokera pachipata kukafika pamanda a Tempie ndimaponda kasanu ndi kawiri n'kupuma, kenaka n'kupondanso maulendo makumi atatu. Mwezi uno ndikhozabe kufika.

Ndine msuweni wanu,
Odessa Pettiford