Galimoto ya agogo ndaipeza pazithunzi za amuna ena asanu

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 31, kwathu ndi ku Balaka. M'kati mwa sabata ndimagwira ntchito m'nyumba ina ku Camps Bay, dera la anthu olemera kuno ku Joni, Loweruka ndimaphunzira zaluso pakoleji ina m'tauni muno. Aphunzitsi athu, a Angela, atipatsa chimangirizo choti tilembe: tisankhe chithunzi chimodzi, tifotokoze zomwe chimatikumbutsa, chimati ndife yani, ndiponso chimatigwira bwanji mtima.

Ine sindinavutike kusankha. Pakhoma kwathu pali chithunzi cha malemu agogo anga aamuna, a Wadisoni, atatsamira galimoto yakuda ku Joni komwe ankagwira ntchito m'migodi, atavala jekete lowala. Mudzi wonse umatitchula kuti a kwa Wadisoni wagalimoto. Amati galimotoyo anaisiya kwa mnzawo pobwerera kumudzi.

Ndiye sabata yatha kalasi yathu inapita kuchionetsero cha zithunzi zakale za anthu a m'migodi. Aphungu, galimoto ija ndinaipeza! Nambala yomweyo, nyali yong'aluka yomweyo, koma ataitsamira amuna ena asanu, aliyense pachithunzi chake, jekete lomwelo losowa batani lachiwiri. Pansi analemba kuti galimoto ndi jekete zinali za wojambulayo, ankangobwereketsa. Ndinaseka ndekha mpaka mlonda kundiyang'ana, kenako misozi.

A Angela akuti, "Lembani zimenezo, osabisa." Koma amayi anandiuza kale pafoni kuti, "Ukamaliza undiwerengere, mwanawe. Iwe watengera agogo ako, taona nyumba waimapo pachithunzi cha pa WhatsApp chija." Chidwi chandigwira, ndikufuna kudziwa chomwe agogo anachitira zimenezi, koma ndikuopa kuwalanda amayi bambo awo. Ndiyambire pati?

C.M., Wallacedene

Zikomo a C.M.,

Mwapeza mutu wabwino kuposa womwe munanyamuka nawo, ndiye musauthawe. Koma musathamangire kulemba kuti agogo ananama. Chimenecho ndi chiganizo chimodzi, chimangirizo sichingatuluke pamenepo.

Bwererani kuchionetseroko ndi kope. Galimoto muisiye, mwaiona kale. Yang'anani zomwe wojambula sakanatha kubwereketsa: manja, kaimidwe, nkhope. Ndani akumwetulira? Ndani akuoneka woopa kudetsa jekete la eni? Kenako muwayerekeze ndi agogo anu. Ndime zoyamba zikhale za zomwe diso likuona basi. Zotsatira zikambe zomwe banja lakhala likukumbukira, ndipo misozi yanu ija ibwere kumapeto, mutadzifunsa kaye kuti inachokera kuti. Funso lonyamula zonsezi nali: munthu wotha sabata yathunthu pansi pa nthaka, bwanji ankafuna kuti kwawo azimukumbukira ali chilili padzuwa, atatchena?

Za amayi, musawadzidzimutse ndi pepala lomalizamaliza. Aimbireni musanalembe. Afunseni za tsiku lomwe chithunzicho chinafika, anachilandira ndani, anati chiyani. Kenako muwauze zomwe mwaona, mosathamanga. Musadabwe akaseka. Agogo anu aakazi ndiwo anamasula sutikesi amuna awo atabwerako, ndipo jekete lowala silinalimo. Mwina m'banja lonselo ndinu nokha amene simunkadziwa. Amayi akakana kuti dzina lituluke, lisintheni, aphunzitsi sangakuchotsereni malikisi chifukwa cha dzina.

Chenjezo langa ndi ili. Mwandiuza kuti mumakhala kukomboni ku Wallacedene, mumagwira ntchito ku Camps Bay, ndipo amayi akunyadira nyumba yomwe mwaimapo pa WhatsApp. Sindikufunsani kuti ndi ya yani, ndiponso sindikukudzudzulani, ambirife kunja kuno tinajambulitsapo pageti la eni. Koma musawalembe agogo ngati inu mukungoonerera muli patali. Ikani zithunzi ziwirizo pamodzi, chawo ndi chanu. Chifukwa chomwe mukuchifunafunacho mukuchidziwa kale. Ndi chomwe chinakuimikani inuyo pageti lija, mutabisa chikolopa kumbuyo.

Aphungu