Moto Wadya Mtanda Wanu

Amayi,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Katete tikudzuka, ngati kudzuka ndi kutsegula maso chabe. Okutobala wangoyamba kumene koma dzuwa lafika kale pa ukali uja munkadana nawo. Ikamakwana naini koloko phula la msewu wa ku Chipata limakhala likunyezimira, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, ndipo tomato amene ndapikula m'mawa amafika madzulo atafota. Ndikulemba ndili pa benchi langa kumsika, poti ogula kulibe. Ndili ndi nkhani yoipa yoti ndikuuzeni, koma mundilole ndiyambe ndi zing'onozing'ono kuti mtima ukhale kaye pansi.

Mwana wa mng'ono wanga Malita, uja munamusiya m'mimba, tsopano akuyenda. Ndi wamkazi, tinamutcha Enelesi, dzina lanu. Chipumi ndi chanu chenicheni, ngakhale kakwinya kaja munkachita mukamva munthu akunama. Amatha tsiku lonse akuthamangitsa nkhuku, nkhukuzo n'kumamuthamangitsanso iye. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi anatengedwa ndi fisi. Chitsime cha kudimba kwanu chauma mpaka pansi pang'ambika, moti Malita akutunga ku mjigo wa kusukulu, kumene zidebe zimakhala pamzere kuyambira m'mawa, eni ake atabwerera kunyumba kukagwira ntchito zina.

Kuno ku tauni magetsi amabwera ngati mlendo wongofunsa njira. Chigayo chimalira pang'ono n'kukhala chete, azimayi atakhalira matumba awo, akudzipepesera ndi makatoni. Pa wailesi wina akuti mvula ibwera msanga chaka chino, mawa lake wina akuti ichedwa. Anthu akungoyang'ana m'mafoni kudikira uthenga wa feteleza. Mango ayamba kukula, koma ana akuwathothola akadali aawisi n'kumadya ndi mchere. Kavuluvulu wa dzana ananyamula pepala la pulasitiki la pa benchi langa n'kukalikoleka pa waya wa magetsi, ndipo lidakali pomwepo, likundiseka.

Basi, zing'onozing'ono zatha. Ndilibenso pobisala.

Mukudziwa kuti chaka chatha sitinakumangireni chiliza chifukwa cha njala ija. Chaka chino mtedza unachitako bwino, ndiye ndinagula simenti, ndinaikweza pa lole mpaka kwathu ku Vubwi. Alamu, amuna a Malita, anaumba njerwa n'kuziotcha. Mmisiri tinapangana naye kuti timange mvula isanagwe. Ndinkadzimva ngati munthu, Amayi. Ndinkati tsopano dzina lanu likhala pa chinthu chosaola.

Mwezi wathawu anthu osaka mbewa anayatsa moto m'minda ya kumunsi. Mphepo inatembenuka, moto unalowa kumanda. Udzu unali wautali, wouma gwa. Mitanda yonse yamatabwa inapsa, wanu womwe. Mbale ndi makapu zimene anthu amasiya pa mitumbira zinatha kale, anatola ogula zitsulo zakale. Patsala milu ya dothi yokhayokha, yakuda ndi phulusa.

Zikanakhala kuti munagona panokha, sipakanakhala vuto. Koma mukudziwa amene anabwera kudzagona pambali panu. Simungalephere kudziwa, mwina mwayambana kale kangapo. ANabanda, a nyumba yoyandikana nafe, amene munakangana nawo moyo wanga wonse chifukwa cha mbuzi zawo zodya chinangwa chanu, anamwalira patangopita masabata atatu inu mutapita. Anthu pamaliro awo ankanong'onezana kuti akutsatirani kuti mukamalize mlandu wa mbuzi. Adzukulu anakumba pafupi penipeni ndi inu. Lero pali mitumbira iwiri yofanana msinkhu, yotitimira mofanana, wina pafupi ndi mtengo wa muwanga, wina chakunjira. Palibe amene akudziwa kuti inu ndi uti.

Loweruka lapitali ndinapita kumudzi. Amfumu anatilola kulowa, ndipo tinapita anthu anayi: ine, alongo anu aZakeyo, ndi adzukulu awiri mwa atatu amene anakumba manda anu, aPositani ndi aLingisoni. Titangofika, aPositani analoza wa kumtengo.

"Ndi apa, mama. Ndinakumba ndi manja angawa, khasu linagunda muzu wa muwangawu."

"Iwe usanamize mwana wa eni," anatero aLingisoni. "Muzu unali pa manda a aNabanda. Tsiku la aEnelesi iwe unafika utalawa kale."

"Nanga iwe unali wouma?"

Anakangana mpaka kuiwala kuti ali kumanda. Wachitatu, amene anayeza malo ndi bango, ndiye akanatha kuweruza, koma anapita ku mafamu a fodya ku Mozambique ndipo foni yake sikulowa. Malita sanafike kumanda tsiku limene tinakutayani lija poti anali ndi pakati. Azimayi ena anaima patali pansi pa mitengo, mvula ikuwakhuthukira. Ndinatembenukira kwa amalume, amene maso awo achita ng'ala tsopano. Anagwira ndodo yawo ndi manja onse awiri n'kunena motsitsa, "Mwana wa mlongo wanga, usandifunse. Ine tsiku lija ndinkangoona mvula."

Ndikanakonda kuwakwiyira onsewa, koma wolakwa wamkulu ndine. Pamaliro anu ndinafika mochedwa ndi masiku awiri, lole itatitimira m'matope kupitirira Chadiza, ndipo ndinapeza atakuikani kale. Anandiperekeza kukaona pamene munagona. Nthawi imeneyo munali nokha, aNabanda akadali moyo. Ndinagwada, ndinawerenga dzina lanu pa mtanda, ndinafunda chitenje kumaso n'kulira. Sindinayang'ane mtengo, sindinayang'ane njira, sindinawerenge mapazi. Ndinakhulupirira thabwa. Munkandiuza kuyambira ndili wamng'ono kuti, "Esinati, iwe umayenda ngati maso wawasiya kunyumba." Ndinkakwiya mukatero. Lero ndikuvomera, ndipo kuvomerako sikukundithandiza kanthu.

Adzukulu atatopa ndi kukangana anapita kukakhala pamthunzi ndi amalume, ine ndinatsala. Ndinaganiza kuti thupi langa lidziwa lokha. Munthu amene anandinyamula miyezi isanu ndi inayi, amene ndinkamuzindikira ndi chifuwa chokha ali kuseri kwa nkhokwe, ndingalephere bwanji kumumva ndili pamwamba pake? Ndinagwada pa wa kumtengo, ndinaika dzanja pa dothi. Linali lotentha, basi. Ndinapita pa wa kunjira, chimodzimodzi. Ndinayamba kulira pamenepo, kenaka ndinaganiza kuti mwina ndikulirira aNabanda inu mukundiyang'ana, ndiye ndinabwerera pa woyamba uja kukaliranso. Ndinachoka mawondo ali bii ndi phulusa, osadziwa kanthu kuposa mmene ndinabwerera.

Anthu sasowa nzeru pa tsoka la mnzawo. Mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta pafupi nane akuti ndipite kwa mneneri wina wa ku Sinda, amene akapemphera amaona za pansi pa nthaka. Ndinakumbukira mmene munkanenera za anthu otere, kuti, "Akanakhala kuti amaona, bwenzi ataona kaye denga lawo likudontha," ndipo ndinangomuthokoza. Wina anati tikumbe pang'ono tione nsalu. Ameneyo ndinangomufulatira. Ena akuti ndidikire mdzukulu wa ku Mozambique uja, koma palibe akudziwa ngati adzabwere chaka chino, ndipo akadzabwera adzangokhala pakamwa pachitatu. Simenti nayo yayamba kuuma m'makona a matumba. Mvula ikagwa kawiri pa dothi lopanda udzu lija, ngakhale mitumbira iwiriyo idzasanduka bwalo.

Ndipo nthawi yodikira yatha kale. Mwana wa aNabanda, Gifiti, uja amagwira ntchito ku migodi, akubwera Loweruka lino kudzamanga chiliza cha amayi ake. Wasankha wa kumtengo, poti aLingisoni ndi achibale awo ndipo wamva zawo. Ndinamuimbira dzulo kumupempha kuti adikire.

"Sisi, ine anipatsa chabe masiku anayi ku nchito," anatero. "Matailosi nagula kudala. Manje mufuna nichite bwanji?"

Ndinati bwanji tiphatikize simenti yathu, timange chimodzi chachikulu chophimba onse awiri, mayina onse tilembe pamwamba. Anaseka.

"Aja awiri m'nyumba imodzi? Angachigwetse chisanaume."

Nanenso ndinaseka, Amayi, mundikhululukire, chifukwa sananame. Kenaka anati achibale ake sangalole, mbumba ziwiri sizigona pansi pa mwala umodzi, ndipo ndikudziwa kuti amalume nawonso sakanalola. Ndinamufunsa Gifiti ngati akudziwadi kuti amayi ake ali kumtengo. Ndiye anati, "Na ine siniziba, sisi. Nifuna chabe nisilize." Ndinalephera kumuda. Nayenso ndi mwana wamasiye amene akuopa kulirira mayi wa wina.

Ndiye zili chonchi. Loweruka Gifiti amanga pa wa kumtengo, ine nditenga wotsalawo. Mwina tikhoza. Mwinanso aPositani akunena zoona, ndipo inu mudzagona mpaka kalekale pansi pa matailosi olembedwa dzina la munthu amene simunkamubwereka ngakhale moto, pamene ine ndikupaka laimu pamwamba pa aNabanda chaka ndi chaka. Munavutika kutilera awirife nokha, simunapemphe nyumba ya malata kapena nsapato. Chimodzi chokha chimene ndikanakuchitirani chinali kusunga malo anu, ndipo ndawataya ngati mmene munthu amatayira singano.

Sindikupemphani kuti mubwere kumaloto. Ndakhala ndikudikira mwezi wonse ndipo simunabwere, mwina mwakwiya, mwina kumeneko sakulolani. Ndingokuuzani zimene ndichite, kuti musadzadabwe. Lachisanu ndikwera lole. Loweruka ndidzaima pomwepo pamene amisiri awiri akumanga, ndipo wanga ndidzamuuza kuti asiye mpata pakati, wokwana munthu mmodzi kugwada. Mukadzamva phokoso pamwamba panu n'kuona kuti dzina si lanu, musaganize kuti ndinakusiyani. Muyang'ane pambali, dzina lanu lili pomwepo, ndipo pakatipo ndi panga. Chaka chilichonse udzu ukayamba kuuma ndizibwera ndi khasu kudzalambula konsekonse, moto usadzafikenso. Ndikamalankhula ndizikweza mawu kuti mumve, kaya muli kumanja kwanga kaya kumanzere. ANabanda nawo azimva nkhani zathu zonse, palibe chochita. Muwapirire, Amayi. Ine sindikudziwa kuti ndiwauze ndani kuti apirire mnzake.

Ndimakukondani, ngakhale sindikudziwa pamene muli.

Ndine mwana wanu woyamba,
Esinati