Zilembo za a Lighton Daka zathera pamoto wa maliro awo

Kwa Mayi Rosemary Daka, ana, abale ndi onse okonda ntchito yosindikiza,

Ife a Bungwe la Osindikiza a ku Kitwe ndi Ndola talandira ndi mitima yosweka uthenga wa imfa ya Bambo Lighton Daka a ku Wusakile, amene atisiya Lolemba atadwala kanthawi kochepa. Tikanakonda kuti kalata ino ikhale ya misozi yokhayokha, koma zimene zachitika pa siwa zatiwawa kwambiri, moti kukhala chete kungakhale kunyoza malemuwo.

A Daka anaphunzira ntchito m'fakitale ina yosindikiza ku Ndola, ndipo pamene fakitaleyo inkataya makina ake akale opalasa ndi phazi, iwo anawatola n'kukawaimika m'shedi kuseri kwa nyumba yawo. Ankasanja zilembo chimodzichimodzi, kuzipaka inki, n'kuzidinda mpaka mawu atalowa m'pepala, oti munthu awamve ndi chala. Zilembo zikuluzikulu za mapositala anazisema okha pa mtengo wa mukwa. Ambiri ankawaseka kuti ndi otsalira, koma lero achinyamata ojambula pa kompyuta ndiwo amapanikizana pakhomo pawo kufuna makadi a ukwati ndi zikuto za mabuku. Mwana wawo Pauline ankagwira nawo ntchitoyi, iye kujambula, iwo kudinda.

Tsono Lachitatu, nkhuni zophikira anthu a pamaliro zitatha, a Obadiah, mng'ono wa malemu, anathyola loko wa shedi n'kulamula kuti zilembo zamtengo zikhuthulidwe pamoto. Pauline anapeza nyemba zikuwira pa ntchito ya moyo wonse wa bambo ake.

"Atate aang'ono, mwachita chani?" analira motero.

"Iwe, ni nkhuni chabe izi," anayankha a Obadiah. "Na chimashini chija pa Satade chiyenda ku sikirapu. Mwana mukazi azachita nacho chani?"

Takwiya, ndipo sitibisa. Munthu amene sanapondemo m'shedimo malemu ali moyo, wosadziwa n'komwe fungo la inki, lero ndiye afuna kuyeza thukuta la mkulu wake pa sikelo ya ogula zitsulo! Ifenso tinadya nyembazo osadziwa chimene chinaziphika. Zilembo zija sizidzabweranso, pakuti manja amene anazisema tawakwirira. Makina okha ndiwo atsala, ndipo akapita amenewo, Pauline watsala manja lende, luso limeneli lathera pomwepo m'matauni athu awiri.

M'malo mwa mamembala onse, tikuti pepani Mayi Daka, pepani ana nonse. Mulungu amene munampembedza pamodzi ndi malemu akulimbitseni pa nthawi yowawitsa ino, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere. A Obadiah nawonso tikuwapepesa, pakuti ataya mbale wawo, koma amve bwino: Loweruka m'mawa osindikiza tonse, a ku Kitwe ndi a ku Ndola omwe, tidzakhala pansi pakhomo pa shedi ija pamodzi ndi Pauline. Lole ya ogula zitsulo ikafika kudzatenga makinawo, iyambe yanyamula ife.

Dolly Njobvu
Wapampando