Magitala Awiri a Bambo Tobias Mphepo

Malemu Tobias Mphepo, obadwira ku Lisasadzi, okwatira ku Wimbe. Anatisiya mu Okutobala 2006.

Ababa, zaka zakwana zitatu chitisiyireni. Anthu amati misozi imauma yokha, koma yanga sinaume, yangosanduka ukali. Amayi anandiuza kuti ndilembe mawu ofatsa monga amalembera anzathu pansi pa chithunzi, akuti munyuzipepala simokalipiramo. Ndayesa. Koma inu mukundidziwa, ndine Yankho wanu uja munkati ndinabadwa ndi tsabola m'kamwa. Pomwe ndilakwitse ulemu mundikhululukire.

Pachithunzipa mwakhala pamthunzi wa chigafa chathu, gitala yaing'ono ili pamwendo. Munali ndi magitala awiri. Yaikulu inali ya mawaya achitsulo, bokosi lake lotupa, lofiirira ngati fodya wouma bwino. Munaigula chaka china fodya atayenda bwino pamsika. Yaing'ono inali ya mawaya a nayiloni, yopepuka, yotuwa, imene anakupatsani akatekisiti okalamba zala zawo zitayamba kuuma. Anthu ankadabwa kuti bwanji mumasiya yokongola n'kumanyamula yotuwayo. Ife tinkadziwa. Zala zanu zinali ming'alu yokhayokha chifukwa chothyola ndi kusoka fodya, phula lakuda losachoka ngakhale ndi sopo, ndipo mawaya achitsulo ankalowa m'ming'alumo mpaka magazi. Komanso inu simunkamenya gitala. Munkatola waya mmodzimmodzi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, pang'onopang'ono, ngati munthu wosankha nyemba pa lichero. Lamulungu masana tikachoka kutchalitchi, amayi ankasiya chilichonse n'kudzakhala pakhonde, nkhope atayang'ana kwina kuti musaone kuti akumvera.

Ine simunandiphunzitse. Munkati khutu ndiye mphunzitsi. Ndinkaiba yaing'onoyo mukapita kunazale, n'kumasaka ndekha pomwe zala zanu zinkagwira. Tsiku lina munandipezerera ndikuikhapa ndi dzanja lonse. Ndinayembekezera mbama, koma munaseka mpaka chifuwa chinakugwirani. Munati, "Iwe ukuimba kapena ukupuntha mtedza?" Simunandiuze kuti ndisinthe. Munayala mphasa, n'kugoneka magitala onse awiri, n'kundiuza kuti ndiimbe nyimbo imodzimodzi pa iliyonse. Pa yaing'ono mawaya ankangotsamwa, kulira ngati ntchentche m'botolo. Pa yaikulu mawu anatuluka athunthu, mpaka amayi a Fainala, oyandikana nafe, anadzuka pamzere m'munda mwawo kudzaona. Munati, "Wamva? Dzanja lako ndi la khasu, likufuna gitala yoti ikamenyedwa izibweza. Langa ndi la singano. Usamasankhe chifukwa ikuwala, uzimvera dzanja lako." Munandipatsa yaikuluyo amayi akuona. Anali mawu apakamwa chabe, pakuti ndani amaitana mboni popatsa mwana wake chinthu?

Chifuwa chija sichinali cha kuseka. Fumbi la fodya linakudyani m'kati kwa zaka, ndipo pomwe tinkakutengerani kuchipatala pangolo munali mutatha kale. Tinakakuikani kwanu ku Lisasadzi monga mwa mwambo. Titameta, abale anu anabwera ku Wimbe kudzatenga katundu, akuti za mkamwini zimabwerera komwe anabadwira. Njinga, wailesi, jekete lanu la ukwati, zonsezo ndinangoyang'ana. Kenaka akulu anu, bambo aakulu a Aloysius, ananyamula magitala aja, ina dzanja ili, ina dzanja ili, n'kumaziyeza kulemera ngati akusankha fodya woti apite kuokushoni. Anayang'ana mtundu, anagogoda bokosi. Yaikulu, yolemera ndi yowala, anaipereka kwa Masautso, mwana wa mlongo wanu. Yaing'ono anaiponya pamphasa n'kunena kuti, "Kachidole aka azisewera nako atsikanawa."

Ndinaimirira, ababa. Ndinanena pamaso pa onse kuti yaikuluyo munandipatsa muli moyo, ndipo Masautso sadziwa ngakhale kuchuna waya. Amayi ananditsina pantchafu. A Aloysius anafunsa ngati ku Wimbe ana aakazi amayankha pa nkhani za amuna, anthu n'kuseka. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa kwanu ndi wamwano. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti gitala iti ikuyenera dzanja liti. Anangoona kukula.

Mukufuna kudziwa komwe inathera? Msuweni wangayo anaipachika m'chigafa ngati chokongoletsa. Dzinja lotsatira dzina lake silinatuluke pa makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndiye anaisinthanitsa ndi kuponi kwa venda wina wapamsika. Gitala yanu inasanduka thumba la feteleza, n'kuthiridwa m'mapando a fodya. Fodyayo anabwezedwa kuokushoni, akuti wachita nkhungu, ndipo anaolera pakhonde. Ena ankaganiza kuti ndisangalala. Sindinaseke ayi. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, chifukwa mawu aja amene anadzutsa amayi a Fainala pamzere anathera m'dothi popanda wopindula.

Tsono yatsala yaing'onoyi, ndipo ndi imene ikundisowetsa mtendere. Ndayesa kuiimba monga inu, ndi zala ziwiri, mofatsa. Ndimayamba bwino. Koma ndikafika pakati pa nyimbo ndimakumbukira mphasa ija ndi kuseka kuja, dzanja n'kudzilamulira lokha. Thabwa lake lapamwamba ndi lopyapyala, silinapangidwire munthu ngati ine. Lang'aluka kuyambira pabowo mpaka pomwe pamangidwa mawaya. Akalipentala a Moffat alimata kawiri ndi guluu, ndipo ulendo wachiwiri anandiuza osabisa kuti likang'alukanso ndi nkhuni basi. Chinthu chokhacho chotsala chimene chikadali ndi fungo la manja anu, ine mwana wanu ndi amene ndikuchipha.

Loweruka likudzali tikuvundukula chiliza chanu ku Lisasadzi. Amayi akufuna ndikaimbe gitala yanuyo pamanda, akuti ndi mawu anu, amve komaliza. Lefina, mng'ono wanga amene munamusiya ali kusukulu ya mkaka, akuti nkhope yanu sakuikumbukira bwino, koma kulira kwa gitalayo amakudziwa. Chikhumbo, mwana wanu wamwamuna, amangoipukuta fumbi. Onse akundiyang'ana ine. Ndikakana, ndawamana bambo awo. Ndikavomera, ndikudziwa chimene dzanja langa likachite ndikakaona a Aloysius atakhala pampando wakutsogolo. Ikaswekera pamanda pomwepo.

Ndasankha, ababa, ndipo amayi sanakondwe nazo. Akhala masiku osandiyankhula bwino. Ndapanga yangayanga. Bokosi ndi galoni lachitsulo la mafuta ophikira, khosi ndi thabwa la mlombwa limene a Moffat anandipalira, mawaya ndi a mabuleki a njinga amene a Tsoka okonza njinga anali atataya. Ndi yonyansa. Imalira ngati denga la malata pa mvula ya matalala, ndipo agalu a m'mudzi muno sakuikonda. Koma ndikaimenya imabweza, ndikaonjeza mphamvu imaonjeza mawu, ndipo siidandaula. Yanuyo ndaimasula mawaya kuti khosi lipume, ndaikulunga m'chitenje cha amayi, ndaiika pamwamba pomwe chiswe ndi utsi sizifika. Sindidzaiimbanso. Idikire wa dzanja lofewa. Mwina ndi Lefina, pakuti mwanayu amasankha fodya tsiku lonse osang'amba tsamba ndi limodzi lomwe.

Choncho Loweruka mukamva phokoso la galoni pamwamba panu, musadabwe, ndi ine. Ndikakhala kutsogolo, maso ndi maso ndi akulu anu ndi Masautso, ndipo ndikaimba nyimbo zanu zonse ndi dzanja limene munalivomereza. Sindikatukwana munthu, ndalonjeza amayi. Koma alipo amene akafunse kuti mwana wa a Mphepo akuimbiranji chitini pamanda a bambo ake pomwe kwawo kunali magitala awiri. Ine sindikayankha. Akayankhe okha eni ake, anthu onse akumva.

Akukulirani mkazi wanu Perpetua, ana anu Yankho, Chikhumbo ndi Lefina, ndi anzanu onse amene munkasoka nawo fodya ku Wimbe.

Gonani mumtendere, ababa. Kukuiwalani ndiye ayi, ngakhale zala zathu zitauma.

Yankho Mphepo, m'malo mwa banja lonse