Mwana wanga wasiya mpira, koma wolira ndi ine

Aphungu,

Ndine telala, mayi wa mnyamata wa zaka 15 amene anabadwa ndi vuto lomvetsa zinthu mochedwa. Amayankhula pang'ono, koma kusanja mabatani m'shopu mwanga amandiposa. Bambo ake anatisiya iye ali ndi zaka zinayi, amvekere, "Kumtundu kwathu kulibe zoterezi." Kuyambira pamenepo ndinkangobindikira naye m'nyumba. Kuukwati sindinkapita, pamaliro ndinkangoonekera.

Zaka zitatu zapitazo nesi wina amene ndimamusokera anandiuza za timu ya mpira ya ana onga wangayu, yomwe imakumana pabwalo lina Loweruka lililonse. Tsiku loyamba mwana wanga anaukumbatira mpira osafuna kuutaya. Akochi anaseka n'kunena kuti, "Mayi, mwatibweretsera goloboyi. Manja akewa ndi ulimbo!" Mpaka lero aliyense amamuitana kuti Ulimbo.

Pambali pa bwalolo pali benchi ya makolo. Tilipo amayi asanu ndi bambo mmodzi, dalaivala wa basi, yemwe timamuti mlamu. Pabenchi imeneyi ndi pamene ndinaphunzira kumusiya mwana kuti azisamba yekha. Timaseka zinthu zimene ena akamva amangoti pepani. Nditagonekedwa m'chipatala sabata yathunthu, anthu amenewa ndi amene ankasinthana kumusunga.

Tsopano mwezi watha Ulimbo anangoti, "Amayi, mpira basi." Ndamunyengerera ndi mabisiketi, ndamukalipira, koma ayi ndithu. Loweruka lapitali ndinamukoka dzanja, iye n'kukhala pansi pakhomo, kuyamba kulira. Nanenso ndinalira. Kunena zoona, Aphungu, sindinkalirira mpira. Ndinkalirira benchi ija. Akasiya, ine ndipita ngati ndani? Kodi ndine mayi wodzikonda? Ndimukakamize?

T. K.

Mayi T. K.,

Pukutani misozi. Simuli odzikonda. Munakhala zaka zambiri mulibe wokufunsani kuti mwadzuka bwanji, ndiye n'zosadabwitsa kuti mukuopa kubwerera komweko. Kungoti mwamanga mitolo iwiri ndi chingwe chimodzi. Tiyeni tiimasule.

Tiyambe ndi Ulimbo. Mwana wosachulutsa mawu akati "basi" ndiye kuti wanena zambiri. Kaonaneni ndi akochi pa nokha, muwafunse chimene chasintha mwezi wathawu. Kodi anamuchotsa pagolo? Mnzake wapamtima anasamuka? Alipo akumuseka? Muonenso nsapato zake, phazi la mnyamata wa msinkhu umenewu silichedwa kukula. Iyeyo mumufunse muli phee, mukusanja mabatani limodzi, funso limodzi lalifupi, kenako mudikire. Mwina wangotopa nawo mpira, monga amachitira anyamata ena onse, ndipo ufulu umenewo ali nawo. Ngati zili choncho, funsani ngati kuli masewera ena, kaya othamanga, kapena azipita kukangochemerera anzake.

Tsono za benchi. Anthu amene anakusungirani mwana muli gone m'chipatala sangakufunseni tikiti polowa. Auzeni zimene mwandiuzazi, osabisa kanthu. Mudzapeza kuti mwana wa wina anasiyapo n'kubwerera, wa wina sanabwerere koma kholo lidakalipo. Aitaneninso kushopu kwanu mkati mwa sabata. Chibale chimenechi chisamadikire wezulo.

Chenjezo langa ndi ili: musadzamukokenso dzanja, ndipo mabisiketiwo akhale a tiyi basi. Mukaona kuti akuopa munthu wina wake, kaya wamkulu kaya mnzake, musamutumizeko kufikira mutadziwa chifukwa chake.

Koma inu Loweruka lino valani bwino mupite. Tsiku lina padzafika mayi wachilendo atagwira mwana wake mwamphamvu, maso ali pansi. Adzafuna munthu womusendera pabenchi n'kumuuza kuti, "Khalani apa, mayi, nafenso tinayamba chonchi."

Aphungu