Kapu Yachitsulo pa Thanki ya Madzi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija linasiya kukuvutitsani? Kuno tikudzuka, kupatula chifuwa chimene chikungozungulira m'nyumba ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo nkhaniyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto.

Kuntchito kwathu, koyeretsera madzi kuja, zinthu zinasintha chibwerere kalata yoopseza yonena kuti wina adzathira poizoni m'madzi a tauni yonse. Anakweza mpanda, anaika makamera pageti, ndipo ife oyeza madzi tikutunga kanayi patsiku m'malo mwa kawiri. Ngakhale ine mlonda amandifunsa chiphaso, munthu woti anavina pa ukwati wanga.

Lachiwiri la sabata yatha m'mawa, chivundikiro cha thanki yaikulu ya paphiri chinapezeka chotsegula, loko ali pambali, wosathyoledwa. Abwana analamula kuti madzi atsekedwe konse. Masiku awiri mipopi inauma. Kuchipatala ankachita kuwapititsira pagalimoto, azimayi ali pamizere ndi zidebe, akutitukwana. Ine ndinali ndi mabotolo anga, ndikukumbukira kuti ana anga anamwa madzi omwewo asanapite kusukulu.

Masana apolisi anabweretsa zimene anatola pathankipo. Achemwali, panali kapu yachitsulo yomangirira chingwe. Ndinaizindikira ndisanaikhudze. Ndi yopindika chogwirira ija, imene bambo ankatungira madzi oyeza zaka makumi atatu zimene anagwira ntchito kumeneko.

Tchimo langa lili apa. Ndinakhala chete tsiku lathunthu. Ndinaona anzanga akufunsidwa ngati zigawenga, mlonda uja misozi ili m'maso, ine pakamwa ndasoka. Ndinkaopa kuti bambo awamanga. Manyazi nawo analipo, chifukwa miyezi yonseyi ndimakuuzani kuti ali bwino, chonsecho ayamba kuiwala. Masiku ena amandiitana dzina la malemu amayi. M'mawa akavala jekete lawo lakuntchito, ine ndimati akukangowongola miyendo.

Lachitatu ndinakaulula. Abwana sanakalipe, anangofunsa kuti bambo kiyi anaitenga kuti. Tinapita kunyumba ndi wapolisi mmodzi, n'kuwapeza akupukuta nsapato pakhonde. Kiyi anaitulutsa okha m'thumba, yakale imene sanabweze popuma ntchito. Anatiuza kuti amalowera kuseri, pampata umene mpanda unasiya pafupi ndi thanthwe, kukaona ngati madzi ali oyera, poti ana amasiku ano ndife aulesi. Tsiku limenelo mvula inawadzidzimutsa, anathawa osatseka.

Kenako anamuyang'ana wapolisi uja, n'kunena kuti, "Miyezi itatu ndikulowa, mukundigwira lero? Ndikanakhala woipa mtima, bwenzi tauni yonse ili kumanda."

Palibe anaseka. Abwana anangowerama.

Madzi anapezeka abwino. Maloko onse asinthidwa, mpata uja watsekedwa, ine andipatsa kalata yachenjezo, ndipo sindikudandaula, ndi yondiyenera. Mlonda ndinakamupepesa kwawo. Iye anandigwira chanza, koma mkazi wake sanandipatse ndi mpando womwe.

Loweruka bambo anavalanso jekete. Nditawauza kuti kiyi kulibenso, anakhala pansi, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye anthu amwa madzi osayeza?" Tsopano m'mawa uliwonse ndimawatungira apampopi m'tambula. Amawaunika padzuwa, amanunkhiza, amalawa pang'ono, kenako amandiloleza kupita kuntchito. Dzulo anandiuza kuti ndachulutsa mankhwala, ndipo nditakayeza, anali akulondola.

Achemwali, bwerani. Musadikire kuti ana atsekere sukulu. Dzina lanu akadalidziwa, amalitchula akamva geti likulira. Sindikudziwa kuti likhala nawo mpaka liti. Ine sindingathe kulondera bambo ndi madzi a tauni nthawi imodzi, ndayesa, mwaona nokha zimene zatuluka. Mukabwera mudzandikalipire mmene mungafunire, ndidzamvetsera osakudulani.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze akubwerekeni kwa ife ngakhale masabata awiri. Anawo muwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mng'ono wanu,
amene mumamuti Namabotolo